Mphira ya Chubu pa Chidendene

Ululu wa chidendene uli ndi nthawi yake, ndipo nthawiyo ndi m'mamawa. Usiku wonse phazi limakhala phee, mpaka umadzuka ukuganiza kuti lero zatha. Ukangoimirira n'kuponda pansi, chinthu chimakulasa kunsi kwa chidendene, chakumkati pang'ono, moti umagwira khoma. Ukapita kuseri n'kubwerako chimayamba kuzizira, ndipo umatha kugwira ntchito mpaka dzuwa kufika paliwombo. Ukakhala pansi kuti udye nsima, podzuka chayambiranso. Ine chinandigwira mu 2018, chaka chimene Nyanja ya Chilwa inaphwa, ndipo zimene ndinachita pofuna kuchithawa zinatsala pang'ono kundidulitsa phazi.

Ndine wa geni ya nsomba. Ndimapikula matemba, makumba ndi milamba kwa asodzi a ku Swang'oma, kumbali yathu ino ya Phalombe, n'kukagulitsa ku Migowi ndi m'misika ina, ndipo mpamba ukakula ndimafika ku Limbe. Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'Malawi muno, koma ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Phalombe, Sombani, Namadzi, Thondwe, Likangala ndi Domasi amathiramo, ndipo chochotsamo madzi ndi dzuwa ndi mphepo basi. Ndi nyanja yosaya, choncho mvula ikavuta zaka zotsatizana, imabwerera m'mbuyo ife tikuona. Akuluakulu amasimba za 1968. Ine ndinaona za 1995 ndili mnyamata, pamene anthu ankayenda wapansi kupita ku chilumba cha Chisi. Mu 2012 inachepanso kwambiri, kenako 2018.

Madzi akathawa, doko limatsala lokha ndi mabwato ofuula. Pamene ndinkaimika njinga n'kugula nsomba m'bwato momwemo panasanduka chigwa cha dothi louma, long'ambikang'ambika, lolimba gwa. Njinga sungaikwere pamenepo chifukwa matayala amagwera m'ming'alu. Umaikankha popita, n'kuikankhanso pobwera itasenza dengu. Ine ndinkayenda ndi patapata wakutha, ndipo ndikafika poyambira matope ndinkamuvula n'kumupachika pa handulo. Dothi lotentha, katundu wolemera, mtunda wochuluka kuposa umene phazi linazolowera: mmenemo ndi mmene chidendene chakumanja chinayambira kudandaula.

Poyamba tinati ndi munga wa mlamba. Mayi a kunyumba anatenga singano n'kufufuza pa nyali, osapeza kanthu. Kenako apongozi anga, poti ndili pachikamwini ndipo amandiona tsiku ndi tsiku ndikutsimphina, anandiitanira padera.

"Akamwini, geni ili ndi nsanje. Phazi lopanda bala silipweteka chonchi. Mwina mwaponda zoponda."

Sindiwadzudzula. Ululu umene suoneka ndi maso umachititsa mantha, ndipo ndinali nditaonda nawo. Ndinapita kwa sing'anga, ananditema mphini kuzungulira chidendene n'kupakamo mankhwala akuda. Khungu la pamenepo ndi lochindikala, moti lumo limayenera kuzama kuti magazi atuluke, ndipo poti ndi malo opondera, mphinizo zinachedwa kupola. Wina anandiuza zoponda pa njerwa yootcha. Kutentha kuja kumathandiza pang'ono madzulo, koma m'mawa zonse zinali chimodzimodzi.

Amene anandikokera kuchipatala ndi mwana wa mlongo wanga, mnyamata wosewera mpira. Anati, "Malume, mnzathu wina ankatsimphina chonchi, anamuthandiza ndi a fizo." Anthu a ntchito imeneyi ndi ochepa kuno. Sukulu ya College of Medicine ku Blantyre inayamba kuwaphunzitsa mu 2010, ndipo ambiri a iwo amagwira ntchito m'zipatala za m'mizinda. Tinachita mwayi kupeza mayi wina wa ntchitoyi. Anandifunsa nthawi imene chimapweteka kwambiri, ndipo nditati m'mamawa anagwedeza mutu. Anakanikiza chala chake pamalo amodzi kunsi kwa chidendene, ine n'kudumpha. Anakokera chala changa chachikulu m'mwamba, ululu n'kuyenda mpaka pakati pa phazi. Anati vutoli limatchedwa plantar fasciitis, ndipo munthu mmodzi mwa anthu khumi limamugwira nthawi ina pamoyo wake, makamaka a zaka zapakati pa 40 ndi 60, ndiponso amene amaima kapena kuyenda tsiku lonse pamalo olimba.

Anandifotokozera ndi phazi langa lomwe. Kunsi kwa phazi kuli mtsempha wolimba, waphanthiphanthi, wochokera pa fupa la chidendene n'kukagawikana ku zala. Mafupa a phazi anapindika ngati uta, ndipo mtsemphawu ndiye chingwe cha utawo. Ukaponda, utawo umafuna kuphwa, chingwe n'kukungika. Ukanyamula chidendene kuti uponye mwendo, zala zimapindikira m'mwamba n'kuchikoka kwambiri. Ntchito ikachuluka kuposa mphamvu yake, chimayamba kuwonongeka pang'onopang'ono pamene chinagwirana ndi fupa. Usiku phazi limagona litaloza pansi, mtsempha n'kufupika, ndipo kuponda koyamba kuja kumaukoka mwadzidzidzi usanafewe. Ndinapempha kuti andijambule fupa. Anati palibe chifukwa, poti kafupa kosongoka kamene kamaoneka pa zithunzi za ena kamapezekanso mwa anthu amene samva ululu uliwonse. Ndinapempha jakisoni wa pachidendene amene ndinamva kuti amabaya. Anati alipo, koma amathandiza kwa kanthawi, ndipo akabwerezedwabwerezedwa angathe kufooketsa mtsemphawo mpaka kuduka.

Ataona mphini zanga sanandikalipire. Anangoti sangamate kanthu pa khungu la mabala, ndibwerenso zikapola. Nditabwerera, anandimanga.

Ndimakumbukira bwino dzanja lake chifukwa ndinkaliyang'anitsitsa. Anasambitsa phazi n'kulipukuta mpaka kuuma, pakati pa zala pomwe. Anandiuza kuti ndiliimike mowongoka, zala zitaloza kudenga. Tepi yake inali yoyera, yansalu, yosatamuka, imene amati ya zinc oxide. Chidutswa choyamba anachiyambira m'mbali mwa phazi, pafupi ndi tsinde la kachala kakang'ono, n'kuchizunguliza kuseri kwa chidendene mpaka pa tsinde la chala chachikulu. Kenako anayamba kuika zidutswa zifupizifupi zodutsa kunsi kwa phazi, kuchokera kunja kupita mkati, chilichonse chikukwera theka pa chinzake, kuyambira kuchidendene kupita kutsogolo. Pofika mkati ankakokera m'mwamba pang'ono kuti anyamule pakati pa phazi. Anamaliza ndi chidutswa china cha m'mbali chotsekera nsonga zonse. Pamwamba pa phazi panatsala mpata wa khungu losamatidwa. Kamangidwe kameneka amakatcha Low-Dye, potengera dzina la Ralph Dye, dokotala wa mapazi wa ku America amene anakafotokoza mu 1939. Mwana wa mlongo wanga uja anafunsa za tepi yamitundumitundu imene amaona pa osewera mpira pa kanema. Mayiyo anati imeneyo ndi ina, yotamuka, inayambira ku Japan ndi Kenzo Kase m'zaka za m'ma 1970, ndipo nayonso amaigwiritsa ntchito, koma kwa munthu wonyamula katundu iye anasankha yolimbayi.

"Bambo, mundimvetse bwino," anatero. "Tepiyi siichiza. Imangogwirizira phazi kuti mtsempha upumeko, ndipo phindu lake ndi la masabata ochepa. Ikhale masiku awiri kapena atatu, muichotse, khungu lipume. Isanyowe. Musamange kuzungulira phazi lonse. Mukamva dzanzi, kuyabwa, kapena zala zikasintha mtundu, muichotse nthawi yomweyo."

Anandionetsanso zimene anati ndiwo mankhwala enieni: kukoka zala ndi dzanja m'mawa ndisanaponde pansi, kutsamira khoma mwendo wodwala uli kumbuyo chidendene chili pansi mpaka katumba atakokeka, kugubuduza botolo kunsi kwa phazi madzulo, kuvala nsapato yokhala ndi chidendene chofewa, ndi kuchepetsa mtunda ndi katundu. Anati anthu asanu ndi anayi mwa khumi amachira popanda opaleshoni, koma zimatenga miyezi, mwinanso chaka.

Nditaimirira, ululu unali utatsika kwambiri. M'mawa mwake ndinaponda pansi osagwira khoma, koyamba chiyambire chilimwe. Mawu onse aja a miyezi ndi chaka anandichoka m'mutu. Chimene chinatsala ndi chakuti phazi likamangidwa limayenda.

Muyenera kudziwa mmene zinthu zinalili pakhomo. Mpamba wanga unali ngongole ya ku banki mkhonde, yotengedwa m'dzina la mayi a kunyumba, ndipo tsiku lobweza silidikira wodwala. Nandolo amene tikanadalira anali atagwa mtengo kuyambira chaka cham'mbuyo. Nsomba zinali zosowa, ndipo kusowa kwake kunakweza mtengo, moti aliyense wofika kumene kunatsala madzi ankapha makwacha. Mbiri inamveka yoti asodzi a m'zimbowera, tinyumba toyandama mkatikati mwa njedza, akupha milamba yambiri imene inaunjikana m'madzi otsalawo. Anzanga anayamba kupita. Tepi imene anandipatsa kuchipatala inali itatha, ndipo pa tawuni yathu yaing'ono m'magolosale munali timapulasitala ta mabala tokha.

Ndinagula tepi yakuda ya magetsi kwa wokonza mawailesi. Usiku ndinayesa kutsanzira zimene ndinaona zija, koma tepi ya pulasitiki imatamuka ndipo pa khungu la thukuta siigwira. Kuti isachoke, ndinaizunguliza phazi lonse, pamwamba ndi pansi. Ndinadziwanso kuti matope adzaivula, choncho ndinatenga mphira ya chubu, yomwe ndimamangira dengu pa njinga, n'kuikulunga pamwamba pake, kuyambira pakati pa phazi mpaka mu akakolo, ndikukoka ndi mphamvu.

"Bambo, adokotala aja anati musazungulize," anatero mayi a kunyumba.

"Anatero chifukwa sadziwa matope a kunyanja. Ndikabwerako ndidzamasula."

"Nanga anati isanyowe?"

Sindinayankhe. Ndinanyamuka tambala woyamba atalira.

Pa dothi louma lija ndinayenda bwino kuposa masiku onse. Dzuwa likutuluka, chidendene chinali chitasiyiratu kupweteka, ndipo ndinakondwera mumtima. Linali dzanzi. Mphira inali itafinya mitsempha ya magazi ndi ya kumva, phazi n'kufa pang'onopang'ono, ine n'kumati ndachira. Njinga tinazisiya kwa anthu a m'misasa, n'kulowa m'matope ofika m'mawondo, otentha, onunkha zowola. Kutsogolo tinakwera bwato limene ankalikankha ndi nsungwi m'ngalande yopapatiza, ndipo madzi akachepa tinkatsika n'kulikoka.

Zimbowera ndi tinyumba ta udzu tomangidwa pa njedza zoyandama. Asodzi amakhala mmenemo masabata ambiri osaponda mtunda. Amaphika pomwepo, amawamba nsomba pomwepo, ndipo madzi akumwa ndi osamba ndi a nyanja yomweyo. N'chifukwa chake kolera amavuta kumeneko, moti mu 2016 azaumoyo anachita kuwalondola ndi mabwato kukawapatsa katemera wakumwa. Pansi pa chimbowera pamanjenjemera ukaponda, ndipo palibe pouma penipeni. Ndinalipira milamba yanga ikadali yaiwisi, n'kukhala pansi kudikira kuti aiwambe.

Bambo wina wachikulire, mwini chimbowera, ndiye anaona. Anali akutumbula nsomba, anaima n'kuloza phazi langa ndi mpeni.

"Achimwene, zala zanuzo mwaziona?"

Ndinatsuka matope. Zala zinali zitatupa, zathupsa, zamtundu wotuwa moderako, ndipo nditazitsina sindinamve kanthu. Pamwamba pa phazi mnofu unali utatukumuka mbali zonse ziwiri za mphira. Bamboyo sanadikire kuti ndimuloleze. Analowetsa nsonga ya mpeni pansi pa mphira n'kudula. Tepi yakuda ija inali italowa m'khungu, ndipo poimatula inachoka ndi khungu lomwe, loyera, lofewa, lamakwinya chifukwa chokhala tsiku lonse m'madzi otsekeredwa. Zipsera za mphini zija zinatseguka, zikang'a za m'mbali mwa chidendene nazo zinayasama. Magazi atayamba kubwerera m'phazi ndinamva moto umene sindinaumvepo chibadwire. Ndinaluma malaya kuti ndisakuwe pakati pa anthu.

Bamboyo anati m'mawa kukacha ndibwerere kumtunda. Ine ndinaganiza za ndalama zimene ndinali nditalipira kale, ndi nsomba zimene zinali zisanaume, ndipo ndinati ndidikira. Ndinamanga mabala ndi chigamba cha malaya, n'kumatsikabe m'madzi pofuna kudzithandiza ndi pothandiza kusenza nkhuni zowambira. Madzi amenewo analowa m'mabala onse. Usiku wotsatira thupi linatentha, ndinayamba kunjenjemera, mwanabere anatuluka m'mphechepeche, ndipo kufiira kunayamba kukwera kuchokera mu akakolo kupita ku katumba. Phazi linakula mpaka khungu kunyezimira. Kuima kunakanika.

Anthu amene sindinkawadziwa ndi maina omwe anasiya maukonde awo pa nthawi imene nsomba inali ndalama. Anandigoneka m'bwato, nalikoka m'matope ndi manja, ndipo pamene bwato linalephera anandibereka mosinthana. Pa dothi louma anandikhazika pa njinga yanga yomwe n'kumakankha, mpaka tinapeza njinga yamoto. Mpaka lero sindinawabwezere chilichonse cholingana ndi zimenezo. Nsomba zanga zinatsala konko. Zina anandigulitsira motchipa n'kunditumizira ndalama, zina zinagwa mphutsi.

Kuchipatala anandigoneka. Anandiika diripi, ankandibaya mankhwala opha tizilombo, anandipatsa katemera wa kafumbata, ndipo anang'amba pamene panasonkhana mafinya. Kutsuka bala m'mawa uliwonse kunali ntchito yolira nayo. Anandiyeza shuga, ndipo atapeza kuti ndilibe, dokotala anandiuza mosabisa kuti ndikanakhala nayo, mwina tikanakamba zodula. Munthu wa shuga phazi lake limamva mochedwa ndipo mabala ake sapola msanga, choncho kumanga kotere kumamuwononga asanazindikire.

Mayi wa fizo uja anandipeza mu wodi. Ndinamuuza zonse, tepi ya magetsi ndi mphira yomwe. Anakhala chete pang'ono, kenako anakoka mpando n'kuyamba kundifunsa za ntchito yanga mwatsatanetsatane: masiku amene ndimalowa m'madzi, masiku amene ndimaima pamsika, mtunda wa pakati, kulemera kwa dengu, nsapato zimene ndingakwanitse kugula. Pamenepo ndi pamene tinapangana zinthu zotheka. Tepi ikhale ya masiku a msika okha, pamene ndimaima tsiku lonse pouma, ndipo madzulo ndiziichotsa pang'onopang'ono nditainyowetsa. Masiku a kunyanja phazi lisamatidwe kanthu. Pa dothi louma ndizivala nsapato zotseka, za pakaunjika, ndi kachidutswa ka siponji kunsi kwa chidendene, ndipo ndikatuluka m'matope ndizisambitsa mapazi ndi madzi oyera n'kuwaumitsa. Pamsika ndizikhala pa mpando kasitomala akasowa.

Ndaganiza kwambiri za malangizo akuti pumulani ndiponso phazi likhale louma. Ndi oona, koma anapangidwira anthu amene ali ndi tchuthi cha odwala ndi simenti pansi. Msodzi wa pa Chilwa, mayi wookera mpunga m'dambo, wopikula nsomba wonga ine, tonsefe phazi lathu limakhala m'madzi kuti m'nyumba mulowe ufa. Munthu wotere ukamumanga tepi n'kumuuza kuti isanyowe, amavomera ndi ulemu pamaso pako, mawa lake ali m'matope. Chimene chingamuthandize tsiku lililonse ndi khoma lija ndi botolo lija, zimene sizilira ndalama ndipo madzi saziwononga, koma n'zimene ine ndinazinyalanyaza chifukwa sizithetsa ululu tsiku lomwelo. Ndikanakonda azaumoyo a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja akanaphunzitsidwa zimenezi, chifukwa iwo ndi amene amakumana nafe. Wa fizo timamuona mwa mwayi.

Ngongole ija tinabweza pogulitsa mbuzi, ndipo mayi a kunyumba anachita manyazi pagulu la anzawo chifukwa cha kuchedwa. Bala litapola n'kuyambanso kuyenda, ululu wa m'mawa uja unabwerera monga kale, poti kugona m'chipatala sikunachize mtsempha. Ndinayamba kukoka zala ndisanadzuke, kutsamira khoma la khitchini m'mawa ndi madzulo, ndi kugubuduza botolo tikamacheza pakhonde. Kwa nthawi yaitali sindinaone kusintha. Mu Marichi 2019 kunagwa mvula yoopsa ija imene inasefukiritsa mitsinje kuno kummwera, mphepo yake n'kudzasanduka namondwe Idai ku Mozambique. Nyumba zinagwa, minda inakokoloka, ndipo nyanja inabwerera ku madoko ake. Mtunda wokankha njinga unatha. Pofika nyengo yozizira ndinazindikira kuti ndayamba kudzuka osaganiza za phazi.

Chidendene chimandikumbutsabe ndikaima kwambiri pamsika, choncho ndimasunga mpukutu umodzi wa tepi yoyera ija, umene ndimagula ku famase ndikapita ku Limbe. Ku doko anthu anamva nkhani yanga, ndipo amayi owamba nsomba amene amatsimphina m'mamawa amandifunsa kuti ndiwamange. Ndimawaonetsa za khoma ndi zala, koma kumanga ndimakana, makamaka ndikaona zikang'a kapena ndikamva kuti munthu ali ndi shuga, ndipo ndimawauza tsiku limene a fizo amapezeka kuchipatala. Nyanja ikaphweranso, mbali ya m'matope tinagwirizana kuti azidzapita ndi mwana wa mlongo wanga uja, ine ndizidzadikira ndi njinga pouma, phindu tizidzagawana.